Anamupeputsa Katundu Paphiri

Thu koloko masana inali itadutsa kale pamene alendo ndi owaperekeza ananyamuka pa kanyumba kogonamo ka pamwamba pa phiri, ndipo aliyense wolidziwa phirilo akanakuuzani kuti kumeneko kunali kuziputa dala. Kuchoka pamenepo kukafika ku geti ndi ulendo wa maola eyiti kwa munthu wa miyendo iwiri yabwinobwino, n'chifukwa chake anthu anzeru amanyamuka kusanache. Koma bwana wa alendowo, mkulu wa kampani ina ya inshulansi amene anabwera ndi antchito ake seveni kuti ati akaphunzire kugwirizana, anakana kwamtuwagalu kutsika asanaponde pansonga. Dzulo lake chifunga chinawabweza atatsala pang'ono. Tsono tsiku lachisanu, limene linali lotsika basi, iye anati akwerenso m'mamawa. Anakweradi, nakajambulitsa zithunzi atatambasula mbendera ya kampani, wina ataima, wina atakhala, wina akudumpha, mpaka dzuwa linafika paliwombo. Pambuyo pake m'pamene anakumbukira kuti mawa ali ndi ndege yoti akwere, ndiye aliyense athamange.

Kumbuyo kwa onse kunkabwera Chitseko. Silinali dzina lake lenileni ayi, anzake anangomutcha choncho chifukwa ntchito yake inali yotseka mzere. Patsogolo pamayenda wotsogolera, pakati alendo ndi onyamula katundu, ndiye kumapeto kwenikweni iyeyo, kutola zipewa zogwa, kumanga zingwe za nsapato za anthu a ndevu zawo, kunyengerera amene akhala pamwala n'kumalira kuti andisiye pompano. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi, ndipo aliyense amaliloweza tsiku loyamba: wotseka mzere sasiya munthu m'mbuyo, ndipo nayenso sasiyidwa. Wotsogolera, yemwenso anali mwini kakampani kokweza anthu phiri, anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Munthu wa pakamwa potsekemera ameneyo! Ankatha kumuseketsa mlendo amene akusanza.

Potsika pansonga paja, mayi wina wa magalasi anaterereka pathanthwe lonyowa. Chitseko anamuwakha, mayiyo osakalika ngakhale chikhadabo, koma bondo la Chitseko linalira kuti thwa! Anangoluma mano n'kumayenda. Pofika folo koloko bondolo linali litatupa mpaka buluku kuthina, ndipo mzere unkachita kumudikira pakona iliyonse, bwana uja maso ali pawotchi.

Mlamu wa Chitseko uja anaimitsa anthu n'kubwerera kumbuyo. Anagwada, anapinda buluku lija, analisisita bondolo akupukusa mutu.

"Alamu, izi si zoyenda nazo ndi katundu kumsana izi. Bweretsani chikwamacho."

"Ndikwanitsa, alamu, musavutike."

"Mukwanitsa chiyani? Mukufuna mlongo wanga akandimeze wamoyo? Bweretsani kuno ndikupeputseni. Inu muzibwera pang'onopang'ono ndi ndodo yanuyo. Ife tikakhala pa kanyumba kapakati, moto tikasonkha, tiyi mukamupeza atawira. Lero tigona pamenepo, bwanayo afune asafune."

Chitseko anavula chikwama n'kupereka ndi manja awiri. Mmenemo munali jekete lake lalikulu, popeza nthawi imeneyo anali thukuta kamukamu, munalinso tochi, machesi ndi mankhwala opha ululu. Sanaganize n'komwe zotulutsa kanthu. Mtima wake unangodzaza ndi kuthokoza, mpaka misozi inalengeza poona mlamu wake akuberekera zikwama ziwiri, china kumsana china pachifuwa. Anathokoza katatu konse. Abale inu, kuthokoza!

Mzere unakhota kuseri kwa thanthwe. Kwa kanthawi Chitseko ankamvabe kuseka kwa alendo, kenako kugogoda kwa ndodo zawo pamiyala, kenako zii.

Anayenda. Ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenako kukoka wopwetekawo. Cha m'ma sikisi chifunga chinakwera kuchokera kuchigwa n'kumeza njira, kunangoti mbuu. Mvula inayamba ndi mawawa, ndipo posakhalitsa inasanduka yeniyeni, yozizira ngati ikuchokera mufiriji. Malaya ake opyapyala anamatirira pathupi. Anayatsa katochi ka pafoni, netiweki kunalibe monga mwa masiku onse, batire itatsala pang'ono. Koma nkhawa analibe. Ankangoona m'maganizo moto uja, ketulo ikutokota, mlamu wake akumulandira pakhomo ndi nthabwala. Mwinanso, ankadziuza, atuma onyamula katundu awiri adzandichingamire ndi machira.

Palibe amene anamuchingamira.

Eyiti koloko itadutsa anaona denga la malata likuchita mbee mumdima. Kanyumba kapakati! Koma pawindo panalibe kuwala. Utsi sunkamveka. Anaitana akadali patali.

"Alamu!"

Zii.

"Alamu, ndafika!"

Mvula yokha padenga. Anakwera masitepe atatu a pakhonde akukwawa, n'kugwira chitseko. Loko. Loko wamkulu uja, wozizira, ndipo kiyi wake amakhala m'thumba mwa wotsogolera. Anaunika pansi. M'matope munali mapazi ambirimbiri, onse olowera kumunsi, ndipo mvula inali itayamba kale kuwafafaniza. Pakhondepo panali mapepala a mabisiketi ndi botolo lopanda kanthu. Anthu aja anangoima kudya, basi. Moto sanasonkhe n'komwe.

Anakhala pansi kuti khu. Mtima unamuwawa kuposa bondo. Komabe munthu amavutika kukhulupirira choipa cha m'bale wake, ndiye anayamba kumufunira zifukwa. Mwina bwana uja wachita makani. Mwina mlendo wina wadwala. Ndipo ngakhale atatero, anadzilimbitsa mtima, patali sapita. Polowa m'phiri lija munthu aliyense amapatsidwa kachitsulo ka nambala kokhala ndi chingwe, kovala m'khosi, ndipo potuluka amakabweza kwa mlonda wa pageti, amene amakakoloweka pamsomali wake. Msomali umodzi ukangotsala wopanda kanthu, basi ya gulu lonse siituluka, ndipo opulumutsa anthu amadzutsidwa usiku womwewo kukwera ndi matochi ndi machira. Ndiye msomali wake ukakhala wopanda kanthu. Akabwera. Chofunika n'kungopirira maola angapo.

Dzanja linapita lokha m'khosi.

Munalibe kanthu.

Anafufuza pachifuwa... m'matumba... m'khosi kachiwiri... Kenako anakumbukira, ndipo thupi lonse linachita tsemwe. Chingwe chija chinkamutulutsa nsungu m'khosi, choncho iye kachitsulo kake ankakamangirira pa lamba wa chikwama. Zaka zonsezi ankatero. Aliyense pagulu lawo ankadziwa, ndipo amene ankamuseka nazo kwambiri anali mlamu wake yemweyo.

Mayo! Kugwada kuja, kusisita bondo kuja, "ndikupeputseni" uja... munthuyo sankafuna chikwama ayi. Ankafuna kachitsulo. Pofika naini kapena teni koloko tizitsulo tonse tikakhala pamisomali, basi ikatuluka, bwana akakwera ndege yake, ndipo m'buku la pageti mukalembedwa kuti m'phiri mulibe munthu. Palibe adzakwere kudzamufuna. Adzamufuniranji munthu amene watuluka kale?

"Alamu," anatero chapansipansi, ngati munthuyo ali pomwepo. "Ine? Ine amene ndinakusenzani kumsana mutathyoka mwendo? Ine amene ana anu amagona kwanga?"

Analira ndithu, bambo wamkulu, kulira kwa mkwiyo. Anamugwiritsa fuwa la moto iye akuthokoza! Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mlamu wakeyo ankalidziwa phirilo bwino lomwe. Ankadziwa chimene chimamuchitikira munthu wonyowa, wopanda jekete, akagona panja pamtunda ngati umenewo. Kunjenjemera kumayamba, kenako kumaleka, kenako kumabwera katulo kokoma, ndipo m'mawa amakupeza utauma gwa. Zala za Chitseko zinali zitasiya kale kumva. Anayesa kumenya loko ndi mwala, mwala n'kumupulumuka m'manja. Kukhala pamenepo kunali kufa. Kutsika maola folo mumdima ndi mwendo umodzi, mwina kunalinso kufa, koma kufa akuyenda. Anaganiza za mkazi wake, amene nthawi imeneyo ayenera kuti anali atayatsa getsi la pakhonde monga ankachitira tsiku lililonse lotsika, ndipo anagwira ndodo.

Foni inaphethira kawiri n'kuzima. Mdima wa ndiweyani.

"Nanunso akupeputsani katundu?"

Chitseko anadumpha n'kugwera pakhoma. Mawuwo anachokera pakona ya khonde, pafupi kwambiri, pomwe mphindi yomweyo anali ataunikapo osaona kanthu. Anatong'ola maso. Panali chinthu chakuda kuposa mdimawo... munthu. Atakhala, mawondo atawakumbatira.

"Ndani? Ndinu ndani inu?"

"Dzukani. Mukakhalitsa tulo tikupezani."

Anali mawu a mwamuna, otsika, osathamanga. Mwina ndi wotchera misampha, anaganiza Chitseko, kapena wotseka mzere wa gulu lina. Munthu ndi munthu basi, bola asakhale yekha.

"Achimwene, muli ndi tochi? Bondo langa lavulala. Tsogolani, ine ndizikutsatirani."

"Tsogolani ndinu. Ine malo anga ndi kumbuyo."

Anayamba kutsika. Chitseko ankafufuza njira ndi ndodo, mapazi akukumbukira okha pomwe maso sankaona. Koma msana wake unkachita nyerenyere. Chiyambireni ntchitoyi anali asanayendepo ndi munthu kumbuyo kwake, ndipo mayendedwe a munthuyu anali achilendo. Phazi lina linkagunda mwala ngati jombo, lina linkangoti phwa ngati lopanda nsapato.

Gwa... phwa... gwa... phwa...

Chitseko akaima, nazonso zinkaima. Akayamba, zinkayamba.

"Mumakhala kuti, achimwene?" anafunsa, kungofuna kumva mawu a munthu.

"Pansipa."

"Mwabwera ndi gulu liti?"

Patapita nthawi mawu aja anangoti, "Muzu," ndipo ndodo ya Chitseko inagundadi muzu waukulu wopingasa njira. Patsogolo pang'ono anati, "Weramani," ndipo nthambi inamupalasa tsitsi. Munthu ali kumbuyo, mumdima woterewu, akuona bwanji zapatsogolo? Chitseko sanafune kulitsatira funso limenelo. Anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, koma mawu ake ankangosokonekera.

Kawiri konse anagwa. Kachiwiriko sanafune kudzuka. Panali pofewa, paudzu, mphepo siinkafikapo, ndipo kunjenjemera kunali kutaleka. Anamva kukoma. Zikope zinalemera...

"Dzukani!"

Mawuwo anali m'khutu mwenimweni, koma mpweya wa pakamwa sanaumve. Anangomva fungo la matope a mumtsinje. Anadzuka msangamsanga ngati walumidwa ndi linthumbu.

Mkokomo wa madzi unayamba kumveka patsogolo. Ankayandikira mlatho, mlatho wa matabwa ndi zingwe zachitsulo wodutsa pamwamba pa chigwembe chakuya, ndipo ukangowoloka pamenepo njira imasanduka yosalala mpaka ku geti. Pamphambano, pomwe njira ya mlatho imakhotera kumanja, mawu aja anamveka.

"Kumanzere."

"Mlatho uli kumanja, achimwene."

"Kumanzere. Mlathowo ndakhala pansi pake nthawi yaitali, ndikuudziwa."

Chitseko anaima. Kumanzere kunalibe njira, kunali tchire ndi miyala yokwera m'mbali mwa mtsinje. Mkwiyo umene ankaumeza chichokereni pakhonde paja unabwerera wonse. Lero lomwe wamvera munthu womudziwa, munthu wodya naye m'mbale imodzi, ndipo taonani pomwe zamufikitsa. Tsono amverenso munthu wosamudziwa ngakhale nkhope, womuchotsa panjira n'kumulowetsa m'tchire pakati pa usiku? Asa!

"Ndatopa n'kupusitsidwa," anatero mano akugundana. "Inu pitani kumanzere kwanuko. Ine njirayi ndaidutsa kambirimbiri."

Anakhotera kumanja. Kumbuyo kunali zii. Anapeza chingwe chachitsulo n'kuchigwira. Thabwa loyamba. Lachiwiri. Mlatho unkagwedera, madzi akubangula pansi. Lachitatu... lachinayi... Anatukula mwendo kufuna lachisanu.

Dzanja linamugwira pakolala ya malaya.

Kuzizira kwake! Kunalowa mpaka m'mafupa. Nthawi yomweyo mphezi inang'anima, kunja konse n'kuyera mbee, ndipo Chitseko anaona. Kutsogolo kwa phazi lake kunalibe thabwa. Kunalibe kanthu! Mtengo waukulu wokokoloka ndi madzi unali utathyola pakati ponse pa mlathowo, zingwe zili lendelende, pansi thovu lokhalokha.

Anatembenuka. Mphezi inang'animanso.

Chipewa chaulusi chofiira. Dzino lakutsogolo lothyoka. Yunifolomu ya operekeza alendo, koma yamtundu wakale umene anasiya kuvala kalekale. Phazi lina jombo, lina lopanda kanthu, lotuwa. M'makwinya a malaya munali mchenga. Maso anali pa iye, osaphethira, mvula ikugwera momwemo... ndipo pomwe pakamwa pa Chitseko pankatuluka nthunzi ngati ketulo, pakamwa pa munthuyo sipankatuluka kanthu.

Mdima unabwerera.

Anafuna kukuwa. Mawu anakana. Anafuna kuthawa. Athawire kuti? Kutsogolo phompho. Kumbuyo... iye uja.

"Kumanzere," anatero mawu aja, mofatsa ngati palibe chachitika.

Chitseko anamvera. Anabwerera chafutambuyo, nalowa m'tchire muja akukwawa, minga ikumung'amba, mapemphero onse amene ankawadziwa akutuluka osakanikirana. Gwa... phwa... kumbuyo kwake. Anakwera m'mbali mwa mtsinje mpaka pamalo pomwe matanthwe akuluakulu anagwerana n'kutseka chigwembe, madzi akudutsa pansi pake. Zaka zonse zimene anagwira ntchito m'phirimo, malo amenewo anali asanawaonepo.

"Mwala woyamba ndi wabwino. Wachiwiri ndi wabwino. Wachitatu umagwedera, muupondere kumanja."

Anaupondera kumanja. Unagwedera, koma sunagwe.

"Ine ndinaupondera pakati," anatero mawu aja.

Chitseko anawoloka chokwawa, bondo likumung'amba ngati muli misomali, ndipo atafika tsidya linalo anagwira udzu ndi manja onse awiri n'kulira ngati mwana. Koma sanapatsidwe mpata wopuma. Akangoti akhale pansi, "Dzukani." Akasochera, "Kumanja." Maola anapita choncho. Mvula inakata. Mitengo inayamba kutalika, mphepo n'kuyamba kufunda, ndipo mantha aja, ngakhale sanathe, anasakanikirana ndi chinthu china chimene sankachimvetsa. Chinthu chimene chinali kumbuyo kwakecho, kaya chinali chiyani, chinkagwira ntchito yake yomwe ija, ndipo chinkaigwira bwino.

Chakum'bandakucha anatulukira pamsewu wa miyala, ndipo kumunsi, pakati pa mitengo, anaona getsi la pageti. Anathamanga masitepe angapo, kuiwala bondo, kenako anazindikira kuti kumbuyo kwati zii. Anaima osatembenuka.

"Achimwene... tiyeni. Tafika. Kuli moto kumeneko."

"Ine ndimalekezera pano."

"Chifukwa chiyani?"

"Kumeneko amati ndinatuluka kale. Mukawauze awerenge nkhope."

Chitseko anatembenuka pang'onopang'ono. Msewu unali pululu. M'matope munali mapazi a munthu mmodzi ndi timaenje ta ndodo.

Mlonda wa pageti, mkulu wa imvi amene ankadziwana naye bwino, anali akuwodzera pafupi ndi mbaula m'kaofesi kake. Atamva kugogoda anatsegula akuyasamula, koma ataona amene waima pakhomo, matope thupi lonse, milomo itachita bii, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda tebulo.

"Achitseko! Mukuchokera kuti? Inu si munatuluka usiku?"

"Ndinatuluka?"

Mlonda analoza kukhoma. Pathabwa la pakhomapo misomali yonse inali ndi tizitsulo take, tili ndandanda. Chitseko anaiona nambala yake, ndi kachingwe kobiriwira kamene anamangirirapo yekha, katadulidwa bwinobwino ndi mpeni. Anali akudziwa kale, koma kuona ndi maso kunamupweteka mwatsopano. Mlonda anamukhazika pampando, anamuvula malaya onyowa, anamufunditsa bulangeti lake n'kumugwiritsa kapu ya madzi otentha.

"Anadutsa teni koloko," anatero mlonda. "Mvula ili pakati, alendo ali kale m'basi, mawindo atachita nthunzi. Alamu anu anabwera ndi tizitsulo tonse m'chipewa. Ndinawerenga, tinakwana."

"Anafunsapo za ine? Kuimba foni usiku, kapena kutuma munthu?"

"Palibe, bambo."

"Mlatho wathyoka," anatero Chitseko. "Musalole munthu kukwera lero."

"Wathyoka? Nanga inu mwawoloka bwanji?"

"Pali amene wandiperekeza. Wandionetsa pamatanthwe kumtunda kwake. Wakana kufika kuno, koma wandituma mawu. Akuti muziwerenga nkhope."

Supuni imene mlonda ankatakasira shuga inagwa pansi.

"Wati chiyani?"

"Muziwerenga nkhope."

"Munthuyo... ndi wooneka bwanji?"

Chitseko anafotokoza: chipewa chofiira, dzino lothyoka, yunifolomu yakale, jombo phazi limodzi. Asanamalize mlonda anali atakhala pansi pasimenti, manja ali kumutu.

"Kalanga ine... Ameneyo ndinamunyamula ndi manja angawa. Tinamupeza pansi pa mlatho, madzi atamukokolola kuchoka pamatanthwe paja, atakhalapo masiku leveni. Jombo linalo sitinalipeze. Adokotala anati sanafe tsiku lomwelo ayi, anakhala moyo masiku awiri kapena atatu, msana utathyoka, akudikira. Koma akanamufuna ndani? Kachitsulo kake kanali pamsomali apo. Anali wotseka mzere ngati inu nomwe, anabzungunyuka phazi potsika, gulu lake likuthamangira basi."

Tsitsi la Chitseko linaima.

"Bwanji nkhani imeneyi sindinaimvepo?"

"Akanakuuzani ndani? M'bukumo ndinasaina ndine kuti onse atuluka. Apolisi anafunsafunsa, tonse tinati munthuyo anapereka yekha kachitsulo n'kubwerera, nkhani inathera pomwepo. Ndinalumbira pamaliro pake kuti sindidzawerenganso zitsulo, ndiziwerenga anthu. Ndipo ndakhala ndikutero ndithu, Mulungu ndi mboni. Koma usiku wathawu kunali mvula, bambo, ndipo ndakalamba..."

Kunja kunali kutayamba kuyera. Chitseko anaika kapu pansi. Funso limene linatsala sankafuna kulifunsa, chifukwa mtima wake unali utaliyankha kale, koma linatuluka lokha.

"Kachitsulo kake anabweretsa ndani?"

Mlonda sanadzutse nkhope.

"Omwewo amene abweretsa kanuka. Ngakhale mawu sanasinthe, akuti watsikira njira yachidule, tikakumana naye kunyumba. Papita zaka naini tsopano, mwezi ngati uno. Pamaliro analira kuposa mkazi wa malemuyo. Ndiye patangotha sabata ziwiri anatulukira pageti pano ndi wotseka mzere watsopano, atamugwira paphewa, akumwetulira, n'kundiuza kuti, 'Uyu ndiye sangandivute, ndi mlamu wanga.'"